Malangizo kwa achinyamata a ku Namwera opita kunja kukaphunzira kukongoletsa malo

Kuno ku Namwera mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Joni, ndipo ena mwa abalewo amagwira ntchito ya m'gadeni: kutchetcha kapinga, kudulira maluwa, kuthirira. Ntchito imeneyi ili ndi sukulu yake. Munthu amene amajambula pulani ya bwalo, n'kunena podutsa njira, podzala mtengo ndi kolowera madzi a mvula, amachita kuphunzira. Malangizo awa ndi a inu achimwene ndi achemwali amene mwapeza mwayi wokaphunzira zimenezi kunja, kapena mukuufunafuna. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mukatenge luso loyeza ndi kuganiza, chifukwa zomera za kumeneko zambiri sizingapirire kuno.

1. Yambani mwaona za kwanu. Musanakwere basi, zungulirani ndi kope. Lembani mitengo imene imakhalabe yobiriwira mu Okutobala, kumene mwera umachokera, ndi mmene madzi amathamangira pa msewu wotsika phiri kupita ku Mangochi boma. Mukapeza mpata pitani ku Zomba mukaone munda wa National Herbarium and Botanic Gardens, kumene mungaphunzire mayina a sayansi a mitengo yathu. Mphunzitsi wa kunja sadziwa mbawa, koma mukati Khaya anthotheca akumvani.

2. Sankhani sukulu yeniyeni ndipo mapepala akhale olongosoka. Ku South Africa maphunziro a zomera ndi kukongoletsa malo amapezeka ku Cape Peninsula University of Technology, ku Tshwane University of Technology ndi ku University of Pretoria. Kuno kwathu poyambira ndi ku LUANAR, ku Bunda, kumene kuli gawo la ulimi wa zipatso, masamba ndi maluwa, ndipo ophunzira ena a kumeneko akhala akupita ku Israel kukaphunzira ali m'munda. Mukasankha ku South Africa, masiku 30 amene amakudindirani pa Beitbridge ndi a mlendo chabe. Wophunzira amafunika viza ya sukulu, yomwe imatuluka mutaonetsa kalata yakuti sukulu yakulandirani. Munthu wokuuzani kuti mungomupatsa ndalama zonse akonza yekha, mutalikireni.

3. Nyengo ya kumeneko si ya kuno. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ku Cape Town mvula imagwa m'miyezi yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene kuno kuli gwa. Maluwa okongola amene mukaone ku Kirstenbosch, munda umene unatsegulidwa mu 1913, ambiri anazolowera mvula ya nthawi imeneyo ndi dothi losauka la m'mapiri a kumeneko. Ku Johannesburg chisanu chimawaula zomera mu Juni ndi Julayi. Ife mvula yathu imabwera mwamphamvu kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, kenako miyezi yambiri popanda dontho. Ndinaona mnyamata wina atabwera ku Joni n'kuyala udzu wonga wa abwana ake pabwalo la mayi ake. Mu Febuluwale anthu ankaima pamsewu kusirira. Pofika Okutobala, alongo ake atatopa kusenza ndowa kuchokera ku mjigo, panatsala fumbi ndi chiswe. Choncho pa chomera chilichonse chimene akuphunzitsani funsani kuti chimamwa madzi ochuluka bwanji, chimafuna dothi lotani, ndipo chingakhale miyezi ingati osathiriridwa.

Ngakhale muno m'boma la Mangochi malo si amodzi. Namwera ndi kumtunda, kozizirirapo ndi kwa mvula yambiri. Ku Makawa ndi ku Nkopola ndi kotentha, kwa mchenga, kwa milambe ndi migwalangwa. Pulani imodzi singakwane konseku.

4. Limbikirani kuyeza ndi kujambula. Phunzirani kugwira tepi, kuyeza kutsetsereka kwa malo, kujambula pa sikelo ndi pensulo komanso pa kompyuta, ndi kuwerengetsa mtengo wa ntchito. Izi ndi zimene zimasiyanitsa wolemba pulani ndi waganyu. Amene munaonapo alangizi akuika akalozera ndi chingwe ndi levulo, mfundo yake ndi yomweyo.

5. Za madzi mufunse mpaka atope nanu. Mu 2018 mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kutseka mipopi chifukwa cha chilala, ndipo anthu a kumeneko anaphunzira zambiri: kukolola madzi a padenga, kuphimbira nthaka, kuthirira modontheza. Zonsezi zingagwire ntchito pasukulu, pamzikiti kapena pachipatala kuno. Muphunzirenso kuchotsa madzi akachuluka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa chimene madzi osawongoleredwa amachita, ndipo mu 2024 nyanja itakwera, malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja ku Mangochi analowa madzi, kapinga ndi maluwa n'kumira. Wolemba pulani wa m'mbali mwa nyanja azifunsa akuluakulu a pamudzi pamene madzi anafikapo kale.

6. Musabwere ndi mbewu kapena timitengo m'chikwama. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake. Lantana nayenso anabwera ngati duwa la mpanda, lero ndi tchire. Chomera cholowa m'dziko chimafuna chilolezo cha nthambi ya kafukufuku wa zaulimi ndi kalata yotsimikiza kuti chilibe matenda.

7. Mukabwerera, yambani pang'ono. Nazale ya machubu mazana angapo pansi pa mtengo wa mango ndi yokwanira. Pamalo otsetsereka dzalani vetiva motsata akalozera. Pofuna mthunzi waukulu ikani mbawa kapena kachere, koma kachere akhale kutali ndi nyumba ndi chimbudzi chifukwa mizu yake imang'amba maziko. Nkhadze imatchinga bwino, koma pasukulu ya ana ayi, utomoni wake umawononga maso. Ndipo musaiwale mbuzi: mtengo uliwonse umene mwadzala m'mudzi muutchingire tsiku lomwelo.