Dzina la katundu ndi ndalama: phunziro la ku munda wa khofi wa Greenwell

Khofi wa ku Kona, pa chilumba chachikulu cha Hawaii m'dziko la America, ali m'gulu la khofi wodula kwambiri padziko lonse. Limodzi mwa mabanja amene anatchukitsa khofiyu ndi la Greenwell, lomwe mpaka lero lili ndi munda ku Kealakekua. Mbiri yawo ikuonetsa kuti mtengo wabwino umatsata dzina, ndipo dzinalo limakhalitsa ngati zimene zili m'thumba zikugwirizana ndi zolembedwa pathumbapo.

Henry Nicholas Greenwell, wochokera ku England, anafika ku Hawaii mu 1850. Iye anali munthu wamalonda. Anatsegula sitolo ku Kona n'kumagula khofi kwa alimi a m'deralo kuti akagulitse kunja. Mu 1873 khofi wake analandira chikalata chaulemu pa chionetsero chachikulu cha mayiko ku Vienna, zimene zinathandiza kuti ogula a kutali adziwe dzina la Kona. Mwini wake anamwalira mu 1891, koma malo anatsala m'manja mwa banja. Kwa zaka zambiri ankawetapo ng'ombe, kenako m'zaka za m'ma 1980 mdzukulu wake Norman anayamba kubzala khofi pamalopo. Lero munda ukuyendetsedwa ndi mbadwo wachinayi, ndipo amagulanso khofi kwa alimi ang'onoang'ono ambiri oyandikana nawo.

Khofi wa ku Kona amalimidwa m'mbali mwa mapiri ophulika a Hualalai ndi Mauna Loa. Dothi lake ndi lachonde, m'mawa kumawala dzuwa, masana kumachita mitambo ndi mvula. Koma dothi palokha silikweza mtengo. Zipatso za khofi sizipsa tsiku limodzi, choncho othyola amasankha ndi manja zofiira zokhazokha, n'kumabwerera pa mtengo womwewo kangapo m'nyengo yokolola. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Akathyola amachotsa khungu, kuviika, kutsuka ndi kuyanika. Pomaliza amasankha magiredi potengera kukula kwa njere ndi kuchuluka kwa zowonongeka: Extra Fancy pamwamba, kenako Fancy, Number 1, Select ndi Prime. Njere yobulungira imene imakhala yokha m'chipatso, yotchedwa peaberry, amaipatula n'kuigulitsa payokha pa mtengo wokwera.

Dzina likakwera mtengo, akuba amalilondola. M'zaka za m'ma 1990 wamalonda wina anagwidwa akuthira khofi wotchipa wa ku Central America m'matumba olembedwa Kona, ndipo anamangidwa. Vuto lina linali la kusakaniza. Lamulo la ku Hawaii linkalola kulemba kuti Kona blend pa paketi imene khofi wa ku Kona ndi magawo 10 okha pa 100 aliwonse. Alimi anadandaula kwa zaka zambiri kuti wogula akamwa khofi wotere n'kukhumudwa, amanyoza Kona yense. Mu 2024 boma la Hawaii linakhazikitsa lamulo lokweza mlingowo kufika pa 51, kuyambira mu July 2027.

Nkhani yotere si yachilendo m'misika ya kuno, kumene mpunga wa Kilombero umagulidwa chifukwa cha dzina ndi fungo lake. Wogulitsa angatolepo mfundo zinayi.

Choyamba, asankhe katundu asanayale. Tomato, nyemba kapena usipa zikapatulidwa, zabwino zimapeza mtengo wake, pamene zosakaniza kasitomala amazinenerera potengera zoipazo.

Chachiwiri, giredi yotsika asaibise pansi pa mulu. Aiike payokha ndi mtengo wake, chifukwa nayonso ili ndi ogula ake.

Chachitatu, adziwe kumene amaoda. Greenwell anayamba ngati wogula kwa alimi, ndipo wopikula amene amakana katundu wosakhwima kapena wosauma bwino amateteza mpamba wake.

Chachinayi, dzina la dera si la munthu mmodzi. Wina akathira mpunga wamba m'thumba n'kumati ndi Kilombero, amapeza phindu la tsiku limodzi, koma amagwetsa mtengo wa mzere wonse wa ogulitsa mpunga. N'chifukwa chake makomiti a m'misika ayenera kudzudzula mchitidwewu msanga, makasitomala asanasamukire kwina.