Namondwe wa Cipale ku North Dakota

Pakati pa dziko la America pali cigwa cacikuru, copanda mapiri, ndipo mitengo yace njowerengeka. Mbali yina ya cigwaco ichedwa North Dakota, kumene anthu amalima tirigu ndi kuweta ng'ombe. M'nyengo ya cisanu kumeneko kumagwa cipale cofewa, ndico madzi oundana, opepuka ndi oyera ngati thonje.

Pofika mwezi wa April alimi amayesa kuti cisanu catha, ndipo ng'ombe zambiri zimakhala ndi ana. Cifukwa cace namondwe wobwera mocedwa ndiye aononga koposa.

Zotere zinacitika kuyambira pa 4 kufikira pa 6 April, 1997. Poyamba kunagwa mvula yozizira, imene inaundana pa mawaya a magetsi. Kulemera kwace pamodzi ndi mphepo kunathyola mizati ya magetsi, ndipo nyumba zikwizikwi zinakhala mumdima ndi m'cisanu. Pambuyo pace cipale cinagwa, ndipo popeza m'cigwamo mulibe cochinga mphepo, mphepoyo inaciunjika pamiseu. Miseu yaikuru inatsekedwa, magalimoto anatitimira, ndipo alimi analephera kufika kumene kunali zoweta zao.

Ng'ombe yonyowa siipirira cisanu. Ndiponso mphepo ikakula, ng'ombe zimaifulatira, niziyenda kufikira mpanda wa waya uziimitsa, ndipo pomwepo cipale cimazikwirira. Masiku amenewo zinafa ng'ombe monga 100,000 m'North Dakota.

Bvuto silinathere pomwepo. Dzuwa litayamba kutentha, cipale conse cinasungunuka, madzi ace nathamangira mumtsinje wa Red River. Patapita masabata awiri mtsinjewo unasefukira, numiza mzinda wa Grand Forks, ndipo anthu monga 50,000 anathawa m'nyumba zao.

Akuru athu amati, “Tsoka silinunkha.” Mlimi wanzeru wa kumeneko samaliza udzu wouma wa ng'ombe zace pongoona dzuwa la April, koma amasungako wina kufikira msipu utamera.

MAFUNSO
1. Kodi cipale cofewa nciani?
2. Cifukwa ninji namondwe wa April aopsa kuposa wa pakati pa cisanu?
3. Cinathyola mizati ya magetsi nciani?
4. Fotokozani umo cipale cinadzetsera cigumula ku Grand Forks.