Kulitsani Chizoloŵezi cha Kudzitsogolera Tsiku ndi Tsiku

KU MBARE, dera lakale koposa mwa madera okhala anthu ambiri mu Harare, Zimbabwe, ntchito imayamba kusanache. Malole odzaza matimati ndi ndiwo zamasamba amafika pamsika wa Mbare Musika, ndipo ogulitsa amathamangira kukapikula katundu. Pakati pawo pali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia kudzafuna ntchito. Ambiri amadzuka ndi nkhaŵa zofanana: lendi, fizi ya ana, ngongole, ndi matenda. Kodi ndimotani mmene munthu wotero angatsogozere moyo wake m'malo mwa kungotengeka ndi zochitika?

2 Ena amalingalira kuti utsogoleri ngwa mafumu, mabwana, ndi andale okha. Komabe, aliyense wa ife ali ndi munthu mmodzi amene ayenera kumtsogolera tsiku lililonse, ndiye iye mwini. Zimene zachitika pa mabenchi a matabwa mu Harare zikusonyeza kuti luso limeneli nlotheka kuliphunzira.

1, 2. (a) Kodi ambiri ku Mbare amadzuka ndi nkhaŵa zotani? (b) Kodi ndani amene aliyense ayenera kumtsogolera?

Phunziro Lochokera pa Benchi

3 Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi malo ogulitsirapo ambiri pa mkupiti wotchedwa Murambatsvina. Lipoti la United Nations linayerekezera kuti anthu 700,000 anataya nyumba, njira yopezera ndalama, kapena zonse ziŵiri. M'chaka chimodzimodzicho, mkazi wina amene anali kuthandizidwa ndi Dr. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anadzipha, banja lake litasoŵa ndalama ya basi yopitira naye ku Harare. Pokhudzidwa mtima kwambiri, mu 2006 Dr. Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 a ku Mbare kukambitsirana ndi anthu ovutika maganizo pa benchi, kunja kwa kiliniki. Ntchitoyo inatchedwa Friendship Bench, kutanthauza benchi la ubwenzi. Vuto limene agogowo amalimbana nalo limatchedwa kufungisisa m'Chishona, ndiko kuti, kuganiza mopambanitsa.

4 Kodi panakhala zotulukapo zotani? Mu 2016 magazini a zamankhwala a JAMA anafalitsa kufufuza kochitidwa pa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare. Pambuyo pa miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 peresenti ya awo amene anakhala pa benchi anali ndi zizindikiro za kuchita tondovi, poyerekezera ndi pafupifupi 50 peresenti ya awo amene sanakhalepo. Chochititsa chidwi nchakuti agogowo samauza munthu chochita. Iwo amamthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kudzipangira yekha njira yolithetsera. Masitepe ameneŵa angakhale zizoloŵezi zathu za masiku onse.

3. Kodi Friendship Bench inayamba motani?
4. Kodi kufufuza kwa mu 2016 kunasonyezanji, ndipo nchiyani chimene agogowo samachita?

Tchulani Mavuto, Ndiyeno Sankhani Limodzi

5 Sitepe loyamba pa benchi limatchedwa kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Nkhaŵa zosatchulidwa zimapiringizana m'mutu nkuoneka ngati chimtolo chimodzi chosanyamulika. Chotero, mmaŵa uliwonse patulani mphindi zoŵerengeka za kulemba, kapena kutchula mofuula, zimene zikukuvutitsani. Nenani zenizeni. Kunena kuti "zinthu zavuta" sikumasonyeza poyambira, koma kunena kuti "lendi ya mwezi uno yapereŵera" kumatero.

6 Ndiyeno sankhani vuto limodzi lokha limene mukhoza kuchitapo kanthu. Mu 2008, pamene kukwera mitengo kunachititsa ndalama ya Zimbabwe kukhala yopanda pake, palibe wogulitsa pamsika amene akanaletsa zimenezo. M'chaka chomwecho, pamene kolera inakantha Budiriro ndi madera ena, palibe mayi amene akanakonza yekha mapaipi a madzi a mzinda wonse. Komabe, iye akanatha kuŵiritsa madzi akumwa a banja lake. Munthu wodzitsogolera amasiyanitsa zimene sangathe kusintha ndi zimene zili m'manja mwake, ndipo amathera nyonga yake pa zomalizirazo.

5. Kodi nchifukwa ninji kuli kofunika kutchula mavuto athu mwachindunji?
6. Fotokozani mwachitsanzo mtundu wa vuto limene tiyenera kusankha.

Pangani Makonzedwe, Ndipo Apendeni

7 Chosankha chopanda tsiku ndi ola chimangokhala chikhumbo. Tiyerekezere kuti mayi wina wogulitsa matimati wasankha vuto la fizi ya mwana wake. Iye angadzifunse kuti: ‘Kodi ndidzachitanji kwenikweni? Liti? Ndani angandithandize?’ Mwinamwake angasankhe kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu Lachiŵiri mmaŵa kukapempha kulipira pang'onopang'ono, ndi kupatula kandalama kakutikakuti madzulo alionse asanagule china chilichonse. Ngongoleyo siinathe, koma tsopano iye akudziŵa chochita maŵa. Pajatu pang'onopang'ono ndi mtolo.

8 Awo amene amapita pa benchi amabwererako, kaŵirikaŵiri kufikira nthaŵi zisanu ndi imodzi, kukasimba mmene makonzedwe awo anayendera. Mofananamo, madzulo alionse dzifunseni kuti: ‘Kodi ndachita zimene ndinanena? Ngati sindinachite, kodi chinandiletsa nchiyani?’ Chifuno cha kudzipenda kumeneku sindicho kudziimba mlandu. Ngati njira ina yalephera, yesani ina.

7, 8. (a) Kodi makonzedwe abwino amayankha mafunso ati? (b) Kodi chifuno cha kudzipenda madzulo nchotani?

Musayende Nokha

9 Kudzitsogolera sikumatanthauza kudzipatula. Ambiri amene amaliza makambitsirano a pa benchi amaloŵa m'timagulu totchedwa Circle Kubatana Tose, mmene amalimbikitsana, ndipo ena amaluka zikwama ndi mapulasitiki akale nkumazigulitsa. Inunso pezani bwenzi lokhulupirika limene mungaliuze makonzedwe anu ndi limene lidzakufunsani za iwo. Ndiponso, kumbukirani kuti zizoloŵezi zimenezi sizimaloŵa m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala. Munthu amene akulingalira za kudzipha afunikira kuonana ndi nesi kapena dokotala mwamsanga.

10 Mavuto a ku Mbare, mofanana ndi a kwanuko, sadzatha m'tsiku limodzi. Komabe, maŵa mmaŵa mungatchule nkhaŵa zanu, kusankhapo imodzi, ndi kuika ola lochitirapo kanthu. Kodi mudzayamba ndi vuto liti?

9. Kodi ena angatithandize motani, ndipo ndiliti pamene chithandizo cha kuchipatala chili chofunika?
10. Kodi mwatsimikiza kuchitanji maŵa mmaŵa?

Kodi Mukukumbukira?

□ Kodi kufungisisa nchiyani?
□ Kodi nchifukwa ninji tiyenera kusankha vuto limodzi panthaŵi imodzi?
□ Kodi ndi mafunso ati amene tingadzifunse madzulo?