Kubwezera Njinga Yamoto Yakale Pamsewu: Yambani ndi Mapepala

M'makomo a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni mukadali ma Honda CG125 ndi ma Yamaha AG100, aja ankakwera alangizi a zaulimi. Ambiri amathamangira kukagula masipeya ku Limbe, njinga n'kulira bwinobwino, kenaka n'kukatsakamira pa mapepala. Musanataye ndalama, tsatani izi.

1. Onani manambala. Ya chasisi imadindidwa pakhosi la felemu, m'munsi mwa mahandulo. Ya injini ili pa injinipo. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi palafini. Musapale ndi chitsulo, chifukwa nambala yopalika imaoneka ngati yofufutidwa ndi akuba. Manambala onse awiri afanane ndi amene ali mu blue book. Ngati injini inasinthidwa, sungani risiti ndipo mukanene polembetsa.

2. Tsimikizani mwini wake. Lemberanani kalata yogulitsana pamaso pa mboni, ndipo wogulitsayo mupite naye limodzi kukasintha dzina. Ngati mwini njinga anamwalira, banja liyambe lapeza zikalata zoyendetsera chuma cha masiye.

3. Ngati inachokera kunja, kaya ku Mozambique kapena ku South Africa, mufunika chikalata cha msonkho cha MRA komanso cha apolisi chosonyeza kuti si yobedwa. Popanda zimenezi, musagule n'komwe.

4. Pitani ku Road Traffic, ku Ginnery Corner, ndi chiphaso chanu cha unzika. Chiyambireni makina atsopano a MalTIS mu 2015, wolembetsa amajambulidwa nkhope ndi zala n'kupatsidwa Traffic Register Card. Madobadoba asiyeni, lipirani pomwe akuuzani a mu ofesi, ndipo risiti isatayike.

5. Ikonzekeretseni njingayo kukayesedwa COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ukalamba wa njinga si mlandu, koma siukhululukira chilichonse. Mabuleki onse awiri azigwira. Nyali yakutsogolo, yakumbuyo, ya buleki ndi maindiketa ziziyaka, hutala izilira, magalasi akhalepo. Tayala lokhalitsa limanyenga: mapini amaoneka atsopano, koma mukalifinya m'mbali mumatuluka ming'alu. Lisintheni. Onaninso tcheni, masipoko ndi mafuta odontha. Njinga zambiri zakale ndi za magetsi a 6 volts, choncho musaikemo babu la 12 volts. Liziwala ngati koloboyi.

6. Gulani inshuwalansi. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti mukhale ndi third party, yolipirira amene mungamuvulaze.

7. Dzionereni nokha. Laisensi ya A1 imalekezera pa 125cc; njinga yoposa pamenepo imafuna A. Chipewa chodzitetezera n'chokakamiza, kwa inu ndi amene mwamunyamula.

Mapepala onse akatuluka, ajambulitseni, enieniwo muwasunge pouma, ndipo lembani pa kalendala tsiku lothera COF ndi inshuwalansi kuti mukazikonzenso nthawi ikadalipo.