Mangani bwino mawaya a wailesi ya m'galimoto

Nyengo ya misika ikafika, mlimi amene ali ndi kagalimoto amakhala pamsewu tsiku lonse, ndipo wailesi ndiyo imamuuza za mitengo ya mbewu ndi za nyengo. Koma mawailesi ena amaduladula mawu galimoto ikangolowa m'msewu wa fumbi, ena amatha batire usiku, pamene ena amafika poyambitsa moto. Kawirikawiri wailesiyo imakhala ilibe vuto. Vuto limakhala pamfundo pamene waya walumikizidwa ndi mnzake. Sabata ino tikambirana za kamangidwe ka mfundo zimenezi.

Kuipa kwa mfundo yopota

Ambiri timasenda mawaya ndi mano, n'kuwapota ndi zala, kenako n'kukulunga tepi kapena pepala la shuga. Mfundo yotere imagwira ntchito masiku oyamba okha. Kugwedezeka kwa galimoto kumaikhwefula, chinyezi chimalowa, ndipo mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira. Zikatero magetsi amadutsa movutikira, ngati madzi m'paipi yopindika, ndipo pamalopo pamatentha.

Magetsi a galimoto zing'onozing'ono ndi mavoti 12. Ngati wailesi ikukoka maampu 10 ndipo mfundo yokhwepa ikudya voti imodzi yokha, ndiye kuti mawati 10 akusanduka moto pakamalo kochepa ngati njere ya nyemba. Kutentha kotere kukhoza kusungunula pulasitiki. Dziwaninso kuti fyuzi siipsa chifukwa cha mfundo yokhwepa, pakuti magetsi odutsa sanachuluke. Fyuzi idzapsa pokhapokha waya wosendekayo akakhudza chitsulo.

Ena amati kuli bwino kuwotcherera ndi mtovu. Mtovu umagwiradi, koma umayenderera m'tingwe ta waya n'kumuumitsa. Waya wouma amathyokera pamene mtovu wathera. N'chifukwa chake opanga galimoto amamanga mawaya ambiri pofinya.

Zofunika kugula

Kufinya ndi kulowetsa waya m'kachubu ka teminolo n'kukapsinja mpaka tingwe tonse ndi kachubuko zitakhala ngati chitsulo chimodzi, popanda mpata wa mpweya. Mateminolo okutidwa ndi pulasitiki ali ndi mitundu itatu, ndipo mtundu umasonyeza kukula kwa waya. Manambala a kukulaku amalembedwa pa waya kapena pa paketi:

Ofiira ndi a waya wa 0.5 mpaka 1.5, monga wa masipika.

Abuluu ndi a waya wa 1.5 mpaka 2.5.

Achikasu ndi a waya wa 4 mpaka 6.

Teminolo ya mphete ndi ya pa bawuti, yafulati ndi ya pa sipika, ndipo yonga kachubu ndi yolumikizira mawaya awiri. Mufunikanso pulayala yofinyira, imene m'sitolo amaitchula kuti crimping tool. Pulayala wamba imangophwatalitsa kachubu, siifinya mbali zonse. Ngati mtengo wakula, sonkherani pa kalabu mugule imodzi.

Pogula waya, palani tingwe take ndi mpeni. Tikayera mkati, ameneyo ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa. Sanyamula magetsi ngati mkuwa weniweni ndipo sachedwa kuthyoka. Musagwiritsenso ntchito waya wa m'nyumba wa chingwe chimodzi cholimba. Galimoto imafuna waya wa tingwe tambiri.

Kafinyidwe kake

1. Zimitsani galimoto ndi kuchotsa waya wa kunegetivu pa batire. Muyambe ndi ameneyu nthawi zonse, kuti sipanala ikakhudza chitsulo isathetheke moto.

2. Sendani waya mamilimita 6 kapena 7, molingana ndi kutalika kwa kachubu. Mukadula tingwe tina posenda, dulani nsonga yonseyo muyambirenso.

3. Waya akakhala wakuda kapena wobiriwira, dulani mpaka mufike pamene mkuwa ukuwala.

4. Potani tingwe pang'ono chabe kuti tisabalalike, ndipo tilowetseni tonse. Nsonga ya mkuwa ingosuzumira kutsogolo kwa kachubu, ndipo kumbuyo kusaoneke mkuwa.

5. Ikani teminolo pa dzino la pulayala logwirizana ndi mtundu wake. Finyani pakati pa kachubu kachitsulo, osati pa pulasitiki yokha. Teminolo ikakhala yopanda pulasitiki, dzino losongoka lipsinje kumbali kopanda msoko kuti msokowo usang'ambike.

6. Kokani waya mwamphamvu. Akasolokamo kapena kugwedera, tayani teminoloyo mutenge ina. Kuli bwino isolokere m'manja mwanu kusiyana ndi kuseri kwa wailesi.

7. Kutirani ndi kachubu ka pulasitiki kofota ndi moto, kamene muyenera kukaveka pa waya musanafinye. Mukakasowa, kulungani tepi yabwino ya magetsi. Pomaliza mangirirani mawaya kuti asamalendewere kapena kukhulana ndi malata.

Waya uti apite kuti?

Pa mawailesi ambiri ogula padera, waya wachikasu amapita ku magetsi osazima a batire ndipo ndiye amasunga masiteshoni. Wofiira amapita ku magetsi oyaka ndi kiyi. Wakuda amamangidwa pa chitsulo cha galimoto, mutapala penti. Mukalumikiza wofiira ndi wachikasu pamodzi ku batire, wailesi siizima ndi kiyi ndipo mukaiwala mudzakankhitsa galimoto m'mawa. Mawaya a masipika amayenda awiriawiri: oyera ndi otuwa ndi a kutsogolo, obiriwira ndi apepo ndi a kumbuyo. Wa mzere wakuda ndiye wa kunegetivu, koma musamugunditse kuchitsulo chifukwa mukhoza kupsereza wailesi. Mawaya a galimoto yeniyeniyo amakhala ndi mitundu yawoyawo, choncho ayeseni kaye ndi kababu.

Waya aliyense wochokera ku batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batireyo, osapitirira masentimita 45. Fyuzi ikapsa, funani chimene chaipsereza ndipo mubwezerepo ya nambala yomweyo. Kuikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndi kuitana moto.

Njira yomweyi ndi yothandiza pa batire ya sola ndi pa pampu ya kudimba, kumene chinyezi chimadya mfundo msanga. Pakaninso mafuta a Vaseline pa mitu ya batire mukatha kumanga.

Alimi anzanga, teminolo imodzi siifika pa mtengo wa thumba la chimanga, koma mfundo yoipa ikhoza kutentha galimoto pamodzi ndi matumba ali m'mwemo. Ntchitoyi ikakukulirani, funsani makaniko wodziwa za magetsi, ndipo akamaliza mukoke nokha mfundo iliyonse musanalipire. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.