ZA NKHALAMBA ZOGWIDWA NDI NTHENDA YA KUIWALA

Abale, ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje tonse tamuonapo mai wokalamba amene apempha nsima atangodya kumene, naitana mwana wace ndi dzina la mbale amene anamwalira kale. Imeneyi ndi nthenda ya m'bongo. Sing'anga wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mtundu wace umodzi m'caka ca 1906. Ndipo m'caka ca 2021 bungwe la WHO linanena kuti odwala otere pa dziko lonse apitirira 55 miliyoni.

Ku Ulaya ndi ku Japan kuli nyumba zosungiramo nkhalamba, momwe wodwala akhala m'manja mwa anamwino kufikira imfa yace. Ena a ife pakumva ici apukusa mitu, nati, Anthu amenewo ataya makolo ao. Tisafulumire kuweruza. Kuiwala kokha sikucotsa munthu pakhomo pace. Cimene cimcotsa ndi ici: ayamba kuturuka usiku nasokera, adzionongera pogona, aiwala moto, akwiya namenya womsamala. Ndipo womsamalayo kawirikawiri ali yekha, mkazi wace kapena mwamuna wace, nayenso wokalamba, ana ali kutali ku nchito. Mphamvu zace zikatha, ndi pamene ampereka. Maiko asiyananso pa cuma ndi pa mwambo. Ku Germany kuyambira 1995, ndi ku Japan kuyambira 2000, anthu asonkha ndalama za inshuwalansi zothandiza kulipira cisamaliro cotere. Koma ku Italy ndi ku Spain mabanja ambiri asunga wodwala pakhomo nthawi yaitali.

Nanga kwathu kuno? M'midzi mwathu nyumba zotere mulibe. Mwa mwambo wa Acewa nkhalamba ikhala pakati pa mbumba yace, ndipo katundu yense agwera mwana wamkazi. Iyeyo alima, atunga madzi, acapa zofunda tsiku ndi tsiku, ndi usiku agona khutu liri ku citseko. Atopa monga atopera mnzace wa ku Ulaya, koma alibe kopita naye. Nyengo ya fodya ikafika, ena atsekera amai ao m'nyumba kufikira madzulo; sitiwayamika, koma ndani wa ife anawalandirapo tsiku limodzi?

Coipa coposa ndi ici. Nkhalamba ikapezedwa mbandakuca pa bwalo la eni, yosabvala bwino, yosadziwa kumene icokera, anthu apfuula kuti mfiti yagwa pa licero. Kumene mau otere afikitsa tikudziwa: ku Neno, m'caka ca 2016, nkhalamba zinai zinaphedwa poganiziridwa ufiti. Lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti.

Mankhwala ociza nthendayi sanapezeke. Komabe mutengereni wodwala ku cipatala ca Mitundu, ca Nathenje kapena ca Nkhoma, makamaka ngati nzeru zasokonezeka mwadzidzidzi. Pakuti malungo ndi nthenda zina zocizika zicitanso comweco. Mwini mbumba asonkhanitse abale, agawane masiku, ndi amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni atumize sopo ndi zofunda. Amai a mumpingo alandire mnzao ngakhale usiku umodzi pa sabata, kuti agone tulo. Pa citseko mangani kabelu. Ndipo auzeni amfumu ndi midzi yoyandikana dzina la wodwalayo, kuti womuona pa njira usiku amgwire dzanja nabwere naye kwao.