Makina Amene Anamangidwira Cinenero Cimodzi

M'phunziro la kompyuta timamva kawiri-kawiri kuti makinawa amagwira nchito ndi manambala. Koma ine ndinafuna kudziwa ngati analipo makina omangidwira mau ndi zizindikiro, pakuti safunsa anadya phula. Zimene ndinapeza m'mabuku ndi pa intaneti ndazilemba pano kuti anzanga ndi aphunzitsi tionere limodzi.

M'caka ca 1958 John McCarthy, mphunzitsi wa pa sukulu yaikuru ya MIT ku Amereka, anayambitsa cinenero ca kompyuta dzina lace Lisp. Cinenero ici cimatenga mau, maina ndi manambala ndi kuziika m'mndandanda. Kacigawo kali konse ka mndandandawo kali ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi iloza katundu wace, ina iloza kacigawo kotsatira, monga momwe ngolo za sitima zimakokerana. Mbalizi amati CAR ndi CDR, maina ocokera ku makina a IBM 704 amene Lisp inayambirapo.

Tsono bvuto linali lakuti Lisp inali katundu wolemera kwa makina a masiku aja. Anthu ambiri analinkugawana kompyuta imodzi, ndipo wina akayamba nchito yaikuru ya Lisp, anzace onse amangodikira. Motero m'zaka za m'ma 1970 Richard Greenblatt ndi Tom Knight a ku MIT komweko anamanga makina a munthu mmodzi, omvera Lisp yokha. Oyamba anawapatsa dzina lakuti CONS, otsatira ace CADR.

Kodi m'kati mwa makinawa munali ciani cacilendo? Ndinapezamo nzeru ziwiri zazikuru.

Yoyamba ndi ya cizindikiro. Kwathu ku Nancholi, wogulitsa pa msika akakhala ndi matumba a ufa woyera, a shuga ndi a feteleza osalembedwa kunja, ayenera kumasula thumba liri lonse asanapimire munthu. Mu Lisp namonso, dzina limodzi likhoza kusunga nambala tsopano, kenaka mau. Pa makina wamba kompyuta imayamba yaima ndi kufunsa kuti, "Kodi ici ndi nambala?" isanaphatikize, ndipo nthawi imatha. Koma pa makina a Lisp cinthu ciri conse cimayenda ndi cizindikiro cace cocita kumata. Makina a Symbolics 3600, amene anaturuka mu 1983, amasunga zinthu m'magulu a mabiti 36. Biti ndiye 0 kapena 1. Posunga nambala wamba, mabiti 32 anali a nambalayo, ndi otsalawo anali zizindikiro. Makina amawerenga cizindikiro pa nthawi yomweyo imene alinkuphatikiza, ndipo akapeza kuti wina afuna kuphatikiza nambala ndi mau, amaima ndi kunena.

Yaciwiri ndi ya kutolera zotsala. Ife ogonera pa sukulu tidziwa kuti mbale zikasiyidwa pa thebulo osazicotsa, gulu lotsatira liribe podyera. Lisp imapanga tizigawo tatsopano kosalekeza, ndipo takale timadzaza malo osungira. McCarthy anakonza kuti cineneroco cidzifufuza cokha tizigawo tosalozedwa ndi kanthu ndi kubweza malo ace. Amisiri a makina a Lisp anaika zipangizo zothandiza nchitoyi, kuti kutolerako kusaimitse munthu nthawi yaitali.

Makinawa anafika pa malonda. Greenblatt anayambitsa kampani ya Lisp Machines mu 1979, ndipo anzace ena anayamba ya Symbolics mu 1980. Xerox ndi Texas Instruments anapanganso ao. Dzina lakuti symbolics.com, lolembetsedwa pa 15 March 1985, ndilo loyamba mwa maina onse a .com pa intaneti.

Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 malonda anagwa. Makina wamba, monga a kampani ya Sun, anatsika mtengo ndi kukula liwiro, nayamba kuyendetsa Lisp mokwanira. Sompho limasema bwino kuposa cikwanje, koma munthu wa ndarama zocepa amagula cikwanje, cifukwa cimalambula, cimadula nkhuni, ndipo pakabvuta cimasemanso.

Makinawo tsopano ali m'nyumba zosungira zakale, koma nzeru zace sizinafe ai. Zinenero za lero monga Python ndi Java zimatolera zotsala zokha, ndipo mu Python cinthu ciri conse cimadziwika mtundu wace. Cifukwa cace, anzanga, ife amene tifuna kudzakhala amisiri a kompyuta muno m'Malawi tisakhute ndi kuloweza mabatani a makina amene tiri nao lero, pakuti pomaliza sukulu tidzapeza ena. Tiphunzire cifukwa cimene mmisiri anaikira kanthu kali konse pamalo pace, pakuti cimeneco ndico tidzapita naco ku nchito.